Belita ndi Malipiro Odikira Mayeso

Belita Sitima anabadwira ku Nazombe, m'banja lolima chimanga ndi nandolo. Masamu ankawakhoza kuyambira ku pulayimale, ndipo atamaliza ku yunivesite analembedwa ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi ku Blantyre, mu ofesi ya ma akichuwale. Amenewa ndi anthu owerengetsera za mtsogolo: mwa anthu chikwi olowa inshuwalansi, ndi angati angadwale kapena kumwalira chaka chamawa, nanga aliyense azipereka zingati kuti kampani isagwe.

Bambo ake, a Sitima, anamva kwa mphunzitsi wina kuti ntchitoyi malipiro ake amaposa a dokotala, ndipo anazifalitsa mpaka kutchalitchi. Chimene mphunzitsiyo sananene n'chakuti ndalama zimenezo amalandira ndi amene wamaliza mayeso onse, oposa khumi, ochokera kunja ndiponso olipiridwa m'ndalama zakunja. Wongoyamba amalandira zochepa, n'kumamuwonjezera pang'ono akakhoza pepala limodzi. Patatha zaka zinayi Belita anali atakhoza mapepala asanu. Pepala lachisanu ndi chimodzi analilephera, n'kulilembanso mu Seputembala 2023. Lamulo la kampani yake linali lakuti ukalephera pepala kawiri, asiya kukulipirira. Kwacha itagwa mu Novembala, mtengo wa pepala limodzi ndi mabuku ake unaposa malipiro ake a miyezi iwiri.

Mu Disembala anabwera kumudzi patchuthi, zotsatira zisanatuluke. Anapeza makolo ake akugonabe m'chipinda chimodzi, popeza mbali ina ya nyumba inagwa ndi namondwe wa Freddy ndipo anangotchingapo pepala lapulasitiki.

Lolemba kunabwera amalume ake, a Fraser, mwini mbumba, amene ali ndi chigayo cha mpunga ndi malole awiri cha ku Chilwa. Sanazungulire. Anati akufuna munthu wophunzira woyendetsa bizinesi yawo, ndipo anatchula malipiro oposa a ku Blantyre pafupifupi kawiri, nyumba yaulere pamwamba. Anawonjezera kuti pali mtsikana wina, Loyce, amene akudikira ntchito yomweyo, choncho yankho alimve pofika Lachisanu.

"Zaka zinayi tikungomva kuti ndalama zikubwera," anatero a Fraser. "Mlongo wangayu akugona m'pulasitiki. Zikafika liti?"

Belita anayankha kuti akamaliza mayeso. Atamufunsa kuti ndi liti, anati mwina zaka zisanu, mwina kuposerapo. Mayi ake, a Fainess, anang'ung'udza mawu ena m'Chilhomwe n'kulowa m'nyumba. A Sitima anangoyang'ana pansi.

Masiku awiri otsatira Belita anathandiza kupalira chimanga, koma pamunda panalibe macheza. Zotsatira zinali zoti zituluka Lachinayi. Ankadziwa kuti akalephera, nkhani yatha: sangadzilipirire yekha, ndipo malipiro ake adzaima pomwe ali.

Lachinayi kunacha ndi mvula. Pakhomo netiweki sigwira, ndiye anakwera kabaza kupita kumsika, matope akumuthovukira m'miyendo. Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake ndipo foni inatsala pang'ono kuthima. Anaipereka kwa wometa wina amene ali ndi sola, n'kuima pakhonde mphindi makumi awiri, manja ali m'khwapa. Ataitenga, tsamba la zotsatira linakana kutseguka katatu. Kachinayi linatseguka theka, dzina lake lokha likuoneka, pansi pali poyera. Anasuntha n'kukaima pamvula pafupi ndi mtengo wa mango, foni ataikweza m'mwamba, anthu a m'golosale akumuyang'ana.

Anali atakhoza, ndi malikisi awiri okha pamwamba pa mzere wokhozera.

Anakhala pa benchi yonyowa. Koma chimwemwe sichinakhalitse. Ankadziwa kale zimene kampani idzamuwonjezere, ndipo ngakhale ataziphatikiza, malipiro ake sankafikabe pa zimene amalume ake analonjeza.

Lachisanu a Fraser anafika pa njinga yamoto dzuwa lili pamutu. Belita anawayalira mphasa, n'kugwada chapatali, n'kuwauza za zotsatira. Iwo anafunsa chinthu chimodzi chokha, kuti tsopano azilandira zingati. Atawauza, anaseka pang'ono.

"Ndiye ukukana zambiri chifukwa cha zochepa?"

"Amalume, ntchito yanu ndi yabwino, ndipo ndathokoza. Koma ndikatsika pano sindidzakweranso. Ndiloleni ndimalize."

"Ukalephera kutsogoloko?"

"Ndidzakhala ndalephera ndine."

A Fraser anatembenukira kwa mlongo wawo kuti alankhulepo. A Fainess anati mwanayo anayamba yekha kuwerenga manambala iwo asakudziwa kanthu, ndipo sangamuuze lero poti alekere. Belita sanathe kudziwa ngati akumuikira kumbuyo kapena angotopa naye. A Fraser ananyamuka osadya.

Ntchito ija anaitenga Loyce. Kwa chaka chathunthu a Fraser sankayankha foni ya Belita, ndipo pa maliro ena a kwawo kwa a Sitima anangomupatsa moni wa pakamwa n'kudutsa.

Lero Belita akadali pa kampani yomweyo. Wakhozanso mapepala atatu, lina analilephera kamodzi. Malipiro ake angofika kumene pa zimene anakana tsiku lija, koma katundu m'sitolo wakwera kuposa pamenepo. Amachita lendi chipinda chimodzi ku Chilomoni, ndipo Loweruka lililonse amapita ku ofesi kukawerenga chifukwa kumakhala phee. Mlonda wa pageti anamuzolowera moti amamusungira makiyi a chipinda chapamwamba chomwe amawerengeramo. Pepala lotsatira alemba mu Epulo.