Njerwa zitatu za ku Mbeya

Ine chinandichotsa ku Lungwena ndi khoma. Mvula ikalimba, nyumba ya amayi, ya zidina ija, inkanyowa kunsi mpaka khoma kupendekeka, ife n'kumalichirikiza ndi mitengo. Kunyanja nako usipa unali utatikana. Ndiye ndinauza mkazi wanga Asiyatu kuti ndikupita ku Tanzania, ndipo sindibwera mpaka amayi atagona m'nyumba ya njerwa zowotcha.

"Iwe Yusufu, khoma limeneli landisunga zaka zonsezi," amayi anatero. "Khala, uzilichirikiza."

Ndinapsa mtima, wallahi. Munthu ukuwafunira zabwino, iwo akukakamira dothi! Ndinanyamuka ndili ndwii.

Ku Mbeya kumazizira, abale, mwana wa kunyanja mpaka mano kuchita gwedegwede. Ntchito ndinaipeza poumba njerwa. Kumeneko kuli mapiri amene kalekale ankalavula moto, ndipo phulusa lake likadali m'nthaka, lotuwa, lopepuka. Malole ankabwera nalo, ife n'kusefa, kusakaniza ndi mchenga ndi simenti pang'ono, n'kutsindira m'chikombole. Tsiku loyamba ndinafunsa kapitawo wathu kuti nanga uvuni uli kuti. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Phiri linawotcha kale," anatero. "Iwe zithirira madzi basi."

Ha! Njerwa yothirira ngati mpiru wa kudimba, n'kumalimbirako, osagwetsa mtengo ngakhale umodzi. Koma fumbi lake linkandikhala m'chifuwa, ndinkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Chikondwerero cha Idi chinandipeza ndekha m'kachipinda, ndikudya mpunga wogula, ndipo sindibisa, ndinalira.

Zomwe ndinkapeza ndinkatumiza kwa achimwene anga a Saidi kuti aziyang'anira ntchito yomanga. Pafoni ankanditumizira zithunzi: njerwa zoumba, uvuni ukufuka, kenako nyumba pamalo atsopano kufupi ndi khwawa, malata akuwala. Nditawafunsa za nkhuni, anati zimenezo ndisadandaule nazo. Usiku ndi usana ndinkaonetsa anzanga chithunzi cha amayi atakhala pakhonde, mpaka anzangawo anatopa nane.

Dzinja lotsatira a Saidi anaimba. "Bwera, amayi adwalika." Kwathu tonse timadziwa kuti munthu wa kutali sauzidwa maliro pafoni, amangomuuza choncho. Ine ndinakana kuti zingakhale zimenezo. Ndinakulunga njerwa zitatu za phulusa m'chikwama kuti amayi akazigwire ndi manja awo, aseke kuti mwana wawo amathirira njerwa. Kondakitala anandilalatira kuti ndanyamula miyala, ine osalabada.

Nditatsika pa kabaza ndinaona khwawa lathu lili mbee. Mikuyu ndi mibawa imene malemu abambo ankaletsa ngakhale kusadza nthambi, inali zitsa zokhazokha. Madzi anali atadya gombe, n'kufukula pansi pa maziko. Nyumba ya m'chithunzi ija inali mulu, malata atapindika. Asiyatu anandigwira dzanja n'kundiuza kuti khoma linawagwera amayi m'mawa, atabwereramo kukatulutsa thumba la chimanga. Anawaika tsiku lomwelo, ine ndisanafike ngakhale pa malire a Songwe.

Ndinawagwira a Saidi pakhosi, anthu ndiwo anatileretsa.

"Nkhuni za kuphiri zinatha kalekale, iwe ukudziwa," anatero akulira. "Unkafuna njerwa zowotcha. Ndikanawotchera chiyani, mchenga?"

Ndinayang'ana mudzi wonse: nyumba zofiira za anzathu a ku Joni, mauvuni akale, mthunzi kulibe. Tonse opita kunja timatumiza kuti kumudzi amange, ndipo kumudzi amadula chomwe chili pafupi. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikamva nkhwangwa.

Nyumba ya zidina ija ikadalipo pamtunda, yopendekeka monga ndinaisiyira, ndipo ndimo tikugona. Njerwa zitatu zija Asiyatu anandifunsa ntchito yake, ine ndinangoti sindikudziwa. Anazitenga n'kuziika kunsi kwa mitengo yochirikiza, kuti chiswe chisaidye. Mitambo ikangoda, ndimatuluka kukalichirikiza khoma la amayi.