Phazi la Che Mbwana ndi Laputopu ya Yusufu

Ndinene ndekha musanamve kwa ena: sabata ino nsanje yandidya. Yandidya moti ndikaona munthu wanyamula chikwama cha laputopu, mtima ukuchita kuwawa.

Loweruka ndinapita ku Chowe kukajambula gulu la sikiri la Che Mbwana. Amene simudziwa, sikiri ndi gule wa amuna achisilamu, ndipo alibe ng'oma. Ng'oma yake ndi phazi pansi ndi mpweya wa m'chifuwa. Mapazi onse amatsika nthawi imodzi, dii! Ukachedwa pang'ono, bwalo lonse lakuona.

Gululi ndalijambula zaka zitatu. Mwezi wamawa layitanidwa kumwambo waukulu ku Namwera, ndipo wokajambula amayenera kukhala ine. Nanga ndani winanso?

Ulendo uno ndinafuna kuonetsa luso. Foni yanga imatola mphepo kuposa mawu, ndiye ndinabwereka ya alamu anga n'kuiika m'thumba la mkanjo wa wotsogolera nyimbo kuti izitapa mawu okhaokha. Ine n'kuima patali ndi yangayo, kujambula zithunzi. Kunyumba ndinalumikiza ziwirizi: ndinapeza pomwe phazi loyamba latsika, n'kukokera mawu pamenepo. Ndinaonera mphindi ziwiri, zonse zikugwirizana. Ndinati basi, yatheka. Mpaka kumapeto sindinaonere. Ndionerenji zinthu zoti ndinali pomwepo?

Lachiwiri masana tinabaya fulashi yokhala ndi kanemayo pa TV ya m'sitolo ya Che Mbwana, gulu lonse lilipo. Poyambirira zinali bwinobwino. Pofika pakati, phazi likutsika, dii akubwera pambuyo. Pofika kumapeto, dii akumveka mwendo wa Che Mbwana uli m'mwamba. Munthu wamkulu, wovina sikiri ine ndisanabadwe, akuoneka ngati wangophunzira dzulo.

Wina kumbuyo anaphulika nako kuseka. "Che Mbwana, nyamakazi yayamba kodi? Ku Namwera mukatitsogolere muli pampando!"

Che Mbwana sanaseke. Anandiyang'ana. "Amidu, mwendo wanga sunachedwepo. Chachedwa n'chakochi."

Ine pomwepo ndinati, "Akulu, kamera sinama."

Ndinayankha choncho, pagulu, kwa munthu wamsinkhu wa bambo anga. Amene mumawerenga tsamba lino pakamwa panga mukupadziwa.

Pamenepo ndi pomwe anadzuka Yusufu, mwana wa achemwali awo a Che Mbwana, amene wangobwera kumene kuchokera ku koleji ku Blantyre. "Achimwene, tandipatsani fulashiyo ndione. Zoyambirira zonse, mawu ndi zithunzi, zilimo?" Ndinampatsa. Anakhala pakona, n'kutembenuza laputopu kuti ine ndizingoona msana wake. Tiyi amene anamuthirira asanazizire n'komwe, anati tiyesenso.

Phazi pansi, dii pomwepo. Kuyambira poyamba mpaka kumapeto. Anthu m'manja, "Mashallah, sukulu ndi yabwino!" Che Mbwana anangoti, "Ku Namwera apite Yusufu."

Zaka zitatu ndikupsa ndi dzuwa, kumeza fumbi la mapazi awo. Iye kapu imodzi ya tiyi.

Panja ndinadzichepetsa n'kumufunsa Yusufu. Paja amati safunsa anadya phula. "Aise, wapanga bwanji?"

Anamwetulira. "Ndi zakusukulu izi, achimwene. Zovuta kufotokoza."

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, sindibisa. Koma mawu amenewo anandibaya kuposa kuseka kwa m'sitolo muja. Masiku awiri ndinakhalira kufufuza pafoni, kumvetsera azungu akufotokoza, kubweza kanema kasanu kuti ndimve liwu limodzi. Ndipo ndinazipeza. Mukufuna kudziwa zakusukulu zovuta kufotokozazo? Nazi.

Mafoni awiri sayenda mofanana ndendende. Komanso foni ikatentha padzuwa imadumpha zithunzi zina, ndiye kanema amathamanga pena, kuchedwa pena, pomwe mawu akuyenda liwiro limodzi. Choyamba, dutsitsani kanemayo mu pulogalamu yosinthira mafayilo, zaulere zilipo, muiuze kuti liwiro la zithunzi likhale limodzi lokha. Kenako gwirizanitsani mawu poyambira, mupite kumapeto mukaone. Ngati asiyana, afupikitseni kapena kuwatalikitsa pang'ono mpaka nsonga zonse ziwiri zigwire. Pakati pakavutabe, dulani mawuwo m'zidutswa, chilichonse muchikokere pa phazi lake. Ndipo tsiku lojambula, ombani m'manja kamodzi kamera ikuona, poyamba ndi pomaliza, kuti mudzapeze pogwira.

Basi. Zatha. Mwaona pofunika satifiketi pamenepa?

Ili ndiye khalidwe lathu kuno kunyanja. Pitani ku Nkhudzi ndi injini ya boti yowonongeka. Makaniko amasula zonse inu mukuona, koma akafika penipeni pa vuto amakutumani mukatunge madzi. Pobwera mupeza injini ikulira. Telala akamadula kolala amakupatsani msana. Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Zoona. Koma wa masiku ano amakumeta kamodzi, kalumoko n'kubisa m'thumba, kuti tsitsi likamera udzamusakenso.

Ndipo ndisadziyeretse. Amayi ena ogulitsa usipa pamsika anandifunsapo kuti nyimbo zimalowa bwanji mu memori khadi. Ndinawauza kuti n'zovuta, azingobwera nayo kwa ine. Lero ndadziwa mmene zimawawira. N'chifukwa chake ndazilemba zonse pamwambapa. Musaganize kuti ndi chifundo. Ndikufuna aliyense wa ku Mangochi kuno azidziwe, kuti Yusufu asamayende ngati wanyamula mankhwala a mvula m'chikwamamo.

Lachisanu titatuluka mumzikiti ku pemphero la Juma ndinapita kwa Che Mbwana ndi kanema amene ndinakonza ndekha. Ndinagwada, ndinapepesa. Anaonera mpaka kumapeto, chala chikugogoda patebulo limodzi ndi mapazi.

"Wakonza bwino, mwanawe," anatero. "Poyerekeza ndi wa Yusufu uja, mawu ako akumveka bwino. Koma ine ndinalankhula kale pagulu. Sindingabweze."

Ndiye ku Namwera akupita ndi Yusufu. Adzakwera nawo lole, adzadya nawo mpunga, dzina lake lidzalembedwa kumapeto kwa kanema. Ine ndidzakhala pabenchi panga pafupi ndi depoti, ndikuthira nyimbo m'mafoni a anthu. Mukuganiza kuti ndikumufunira zabwino? Ndisaname pa tsamba la anthu. Ndikupemphera kuti dzuwa la ku Namwera lidzaombe bwino pa foni yake.

Koma inu amene makolo anakwanitsa kukufikitsani ku koleji, tandiyankhani. Sukulu munatisiya nayo kale kutali, sitingakupezeni. Ndiye ife a Sitandade 7 tikafunsa kanthu kamodzi kokha, mumaopa chiyani?