Mchere wa Chikopa cha Kambuku

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Mkazi wanga anamwalira osaidziwa bwino, ngakhale kuti mchere umene nditi ndikambe pano anausenza yekha pamutu. Abusa athu saidziwa, ana anga saidziwa. Ndaganiza zoilemba chifukwa pepala siliyang'ana munthu m'maso, komanso chifukwa cholakwa changa ndinachichitira papepala.

Sukulu ndinayamba ndili ndi ana atatu. Pamene ndinali mwana kwathu ku Chifunda, sukulu inali kutali ndipo njira yake tinkagawana ndi njovu, choncho bambo anga sanalole. Zilembo ndinazidziwira pa tchalitchi, masana a dzinja, nditakhala pa benchi limodzi ndi amayi obereka ana kumbuyo. Mphunzitsi wathu anali mayi wochokera ku tauni amene boma linamutumiza kwathu kuchigwa. Ankandiseka kuti ndimagwira pensulo ngati nkhwangwa, ndipo n'zoona, ndinathyola zambiri. Koma nditadziwa kulemba dzina langa, ndinagula bolopeni n'kumaiika m'thumba la malaya, mutu wake uli kunja kuti aliyense aone.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito pa msasa wa alenje m'mbali mwa Luangwa. Msasa unkatsegulidwa mvula ikatha, misewu ikauma. Chaka chilichonse tinkamanga tinyumba ta udzu tatsopano chifukwa madzi ankakokolola takale. Ndimakumbukirabe fungo la udzu wongomweta kumene, mvuu zikulira kumtsinje pamene tikuwotha dzuwa la m'mawa, ndi utsi wa nkhuni za tsanya umene sunkachoka m'malaya ngakhale uchape kangati. Kashembe ankatiluma, chakudya chinkachedwa, nsapato zinkang'ambika, koma tinkaseka kwambiri. Sindinasekenso choncho kwina kulikonse.

Nditadziwa kulemba anandipatsa makiyi a sitolo, mmene munkakhala ufa, sopo, palafini ndi matumba a mchere wamiyala wa zikopa. Chaka chomwecho kunabwera munthu wa bungwe la antchito pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anatiuza kuti tisankhe mmodzi woti azitiyankhulira kwa mabwana pakakhala nkhani. Anzanga sanavutike n'kuganiza. Wolondola mapazi a nyama anati apatseni a bolopeniwa, atisiye kutiopseza nayo. Kuyambira tsikulo ankanditchula kuti loya, ndipo ine ndinkachita ngati ndakwiya, koma mumtima ndinkakondwa.

Nkhani zambiri ndinazikonza bwino, ndipo pa ichi sindinama. Ophika akakangana ndi otunga madzi, munthu akachedwa kubwera kuchokera ku maliro, dalaivala akatukwana mnzake, tinkakhala pansi pa mtengo wa mvunguti n'kukamba monga timachitira kumudzi. Wolakwa ankavula chipewa, n'kuwomba m'manja, n'kunena kuti ndalakwa. Akatero nkhani yatha, palibenso wofukula. Ngakhale manijala, amene anali wa ku tauni, ankaikonda njira imeneyi chifukwa inkamupulumutsa ku mikangano. Kwa zaka zingapo palibe amene anachotsedwa ntchito pa msasa wathu, ndipo ine ndinkati ndi nzeru zanga.

Mnzanga weniweni pa msasapo anali wosenda zikopa. Anali wamkulu kwa ine, ndipo tinkaitanana kuti mlamu chifukwa akazi athu anali a mudzi umodzi. Sanapiteko ku sukulu, koma ndi kampeni kake kakang'ono ankatha kusenda khutu la ngoma, nyama ya nyanga zopotana ija, osaliboola, n'kutulutsa zikhadabo za kambuku zili zonse pamalo pake. Ankagwira ntchito akuimba nyimbo za Chisenga chapansipansi. Alendo akamamuyamikira, iye ankati mpeni umangovula nyama malaya, wosunga malayawo ndi mchere.

Chaka china, kutentha kutafika pachimake, apongozi anga aakazi anamwalira. Anthu anabwera ambiri, ena kuchokera ku Chikwa, ndipo m'golosale ya pamudzi munalibe mchere. Mkazi wanga anafika pa msasa masana ndi beseni. Ndinatsegula sitolo n'kumuthirira. Mawa lake anabweranso, chifukwa achibale anali atapha mbuzi ndipo panali nsomba zoti aziumitse, ndipo ndinamupatsa zotsala za thumba lonse. Achibale ena nawonso anatengako pobwerera kwawo, mkamwini wa makiyi sakana. Ndinadziuza kuti lole ya katundu ifika mlungu womwewo, palibe adzadziwe.

Lole inathyoka chitsulo pa mtsinje wina wamchenga. Patapita masiku anayi mlendo wochokera kunja anapha kambuku amene anamudikira milungu iwiri.

Mlamu anabwera ku sitolo ndi ndowa. Ndinamupatsa zimene zinatsala pansi pa thumba lomaliza, zosakwana ngakhale theka la zimene ankafuna. Anayang'ana m'ndowamo, n'kundiyang'ana ine, ndipo ndinamuuza kuti watha, lole yachedwa. Anandikhulupirira. Anakatola mchere wakale wonyowa umene unagwirapo ntchito pa chikopa cha njati, n'kuuyanika, n'kupaka. Koma kutentha kwa m'chigwa sikudikira munthu. Pa tsiku lachitatu ubweya wa pakhosi ndi kumaso unayamba kuthothoka ukangoukhudza.

Mlendo anakalipa mpaka kufiira. Manijala anati mwini kampani akubwera pakatha masiku awiri, ndipo nkhaniyo adzaizenga yekha, aliyense adzafunsidwa. Pamenepo ndinadziwa mmene mafunso adzayendere. Mlamu adzati mchere unali wochepa. Mwini kampani adzati anagula matumba okwanira nyengo yonse. Kenako onse adzatembenukira kwa wosunga makiyi.

Ndinamupeza mlamu m'shedi yake akunola mpeni. Ndinamuuza kuti tisadikire mlandu, tiwayambirire mabwana ndi kalata yopepesa, mitima yawo izizire asanakhale pansi.

"Ndipepese chiyani, mlamu? Mchere ndimaumba ine?"

Ndinati kupepesa sikunaphepo munthu, ndipo ndinamukumbutsa za dalaivala, za wophika, za onse amene anawomba m'manja pansi pa mvunguti n'kukhalabe pa ntchito. Anapitiriza kunola mpeni wake. Kenako anati ine ndiye wodziwa za mapepala, ndilembe. Ndinalemba kuti iye, wosenda zikopa, akuvomera kuti chikopa chinawonongeka m'manja mwake, walakwa, akupempha chikhululuko. Ndinamuwerengera mawu onse osabisa. Anati ndiwonjezere kuti mchere unachepa.

"Munthu wopepesa sanena kuti koma," ndinatero. "Mukaika koma, mwayambitsanso mlandu."

Anagwedeza mutu movomereza, chifukwa kwathu ndi mmene zilili. Ndinapaka inki ya bolopeni pa chala chake chachikulu, chala chokhala ndi mabala a mpeni a zaka zambiri, ndipo anadinda.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinkadziwa chimene chidzachitike. Mbali ina ndinkakhulupiriradi kuti amukhululukira, pakuti ndinali ndisanaonepo munthu wopepesa akuthamangitsidwa. Sindinkadziwa kuti kupepesa kwa pakamwa kumauluka ndi mphepo pamene kwa papepala kumaikidwa m'kabati. Koma mbali inayo ndinkadziwa bwino lomwe chifukwa chimene ndinakanira mawu a mchere aja, ndipo sichinali mwambo.

Mwini kampani atafika anawerenga kalatayo ataimirira. Sanaitane munthu aliyense, sanafunse funso. Anati popeza munthu wavomera yekha kusasamala kwake, palibe choti azenge, atenge katundu wake. Ndinali chiimire pomwepo monga woyankhulira antchito, makiyi ali m'thumba. Ndinapempha chifundo, ndinatchula zaka zimene mlamu anagwira ntchito, ndinatchula ana ake. Mchere sindinautchule.

Anzanga anati nkhaniyi tikaitule ku ofesi ya zantchito ku boma, ndipo anandituma kuti ndimuperekeze. Tinapalasa njinga masiku awiri. Tinapeza mayi wina wa ku tauni, waulemu, amene anatipatsa mipando ndi madzi. Anawerenga kalata yochotsa ntchito ndi ina yopepesa ija, n'kufunsa kuti analemba ndani. Ndinati ndine. Anandiyang'ana, osati mwaukali, n'kundifotokozera ngati mmene mphunzitsi wanga uja ankachitira. Anati woyankhulira anzake ntchito yake yoyamba ndi kuonetsetsa kuti munthu wamvedwa ndipo mafunso onse afunsidwa, kupepesa kumabwera pambuyo ngati kulipo. Anati ndi chala chimenechi papepala, manja ake ndi omangika. Kenako anafunsa ngati panali china chimene sichinalembedwe. Mlamu anati mchere unachepa chifukwa lole inachedwa. Mayiyo anatembenukira kwa ine, ndipo ine ndinati inde, lole inachedwa.

Pobwerera tinapuma pa mthunzi wa mtengo wa msau kufupi ndi Kambombo. Mlamu anatulutsa mbatata zowotcha n'kundipatsa yaikulu. Anati ndisadandaule, ndayesetsa, si aliyense angapalase masiku awiri chifukwa cha mnzake. Mbatata imeneyo ndinaidya yonse.

Misasa ina inamva kuti anawononga kambuku, ndipo palibe umene unamulembanso ntchito. Anabwerera ku khasu. Pa maukwati ndi pa maliro ankamuitana kuti asende mbuzi, ndipo ankasenda mosamala ngati kuti chikopacho chikupita kunja. Ine ndinagwirabe ntchito zaka zina zambiri. Ndinabweza makiyi a sitolo chaka chotsatira, ndikunamizira msana, koma uloya uja anzanga anakana kundilanda. Ndinaphunzira malamulo a ntchito pang'onopang'ono, ndinkafunsa kwa mayi uja ndikapita ku boma, ndipo sindinalolenso munthu kudinda chala asanamvedwe. Ambiri ndinawathandiza. Tikakumana ndi mlamu pa msika ankandikumbatira n'kufunsa za bolopeni yanga. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndimuululire, n'kutsekanso. Anamwalira dzinja la chaka chatha.

Tsopano ndimakhala kwa mwana wanga kuno ku boma. Maso afooka, koma anthu amabwerabe pakhonde ndi makalata a kuntchito, alonda, ophika, onyamula matumba a mpunga, kuti ndiwawerengere ndi kuwauza poyambira. Mwezi watha kunabwera mayi wina masana, anaodira n'kukhala pansi pa mphasa ngakhale ndinamupatsa mpando. Sindinamuzindikire mpaka atatchula mudzi. Anali mwana wa mlamu, wachiwiri kubadwa, amene ndinamusiya akukwawa. Amaphika pa nyumba ina yogona alendo. Mafuta ophikira ndi mpunga zakhala zikusowa, ndipo abwana ake anamuuza kuti angolemba kalata yopepesa, nkhani ithe, ntchito apitirize. Iye sanatenge kanthu, koma ali ndi ana pa sukulu ndipo safuna mikangano. Anatulutsa pepala loyera m'chikwama.

"Adada ankanena kuti inu muli ndi dzanja labwino," anatero. "Akuti pamene onse anawataya, inu munawaperekeza mpaka ku boma."

Ndinayang'ana pepalalo. Ndinkafuna kumuuza zonse, za beseni la amayi a ana anga, za ndowa, za mbatata. Ndinalephera. Ndinangomuuza kuti kalata imeneyo sindilemba, ndipo iyenso asalole wina kumulembera.

"Manje ndichite bwanji, adada? Akuti ndipite nayo mawa."

Ndinati apite wopanda kalata, ndipo andidikire pa geti.

M'mawa mwake ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi, bolopeni ndinaisiya pa tebulo. Ndinayenda pang'onopang'ono ndi ndodo mpaka ku nyumba ya alendo ija, ndipo ndinamupeza ataima pa geti monga tinagwirizana. Abwana ake anatilandira mu ofesi, mwamuna wachinyamata ndithu, ndipo atamva kuti kalata palibe anakankhira pepala lina ndi cholembera kutsogolo kwa mayiyo. Ndinaika dzanja langa pa pepalalo n'kulibweza kwa iwo. Ndinawapempha mwaulemu kuti tisanalembe chilichonse, atiuze kaye amene amasunga makiyi a sitolo, ndipo amuitane adzakhale nafe.