Tsiku limene ndinatumizira amalume malo amene ndinkabisala

Anzanga, iyi si nkhani yongopeka ngati zija mumaona pa foni ayi, inandichitikira ineyo kuno ku Joni.

Ndinkakhala ku Makause mu kanyumba ka malata ndi mwamuna wanga, munthu woti pagulu amaseka ndi aliyense koma tikatseka chitseko zibakera zokhazokha. Tsiku lina anesi a pa kiliniki ataona nthiti zanga anandifunsa ngati ndikufuna kubwereranso kunyumba, ine n’kukana, basi ananditumiza ku nyumba ina yosungirako amayi othawa nkhanza omwe alibe kolowera. Kumeneko kunali amayi ena achizulu otilangiza, tinkakumana nawo Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti malowa ndisauze munthu, ngakhale m’bale wanga weniweni. Ndinavomera, koma mumtima ndinkati amayi awa za kwathu sakuzidziwa.

Nanga si amalume anga a ku Daveyton ndi amene anali ankhoswe athu? Anayamba kunditumizira mavoisi pa Watsapu, akuti ndawachititsa manyazi, banja silitha popanda ankhoswe, akungofuna andione ndi maso basi, abwera okha. Inuyo mukanawakaniza amalume anu? Ine foni sichoka m’manja, ndinangodina kamodzi, malo aja apita.

Lachisanu masana tili mkati mokambirana ndi alangizi aja, ndinasuzumira pa windo, mtima wanga unangoti phwii! Amalume ali pa geti ndi jekete lawo la kutchalitchi, kumbuyo kwawo mwamuna wanga, wavala shati yoyera, akumwetulira. Mlonda, mayi wamphamvu ndithu, anabwera kudzanena kuti anthuwo akuti ndituluke mphindi zisanu zokha tikambirane monga banja.

Mukudziwa kuti ndinaimirira? Miyendo inangonyamuka yokha, poti munthu wamkulu wakwera mataxi awiri chifukwa cha ine, ndimusiye padzuwa? Alangizi aja sanandigwire, sanandikalipire, anangondifunsa mofatsa kuti ulendo watha ankhoswe atatiyanjanitsa n’kunyamuka, chinachitika n’chiyani. Lilime langa linapita lokha pamene panali dzino. Dzino limenelo mwamuna wanga analichotsa ndi chibakera tsiku lomwelo amalume asanafike n’komwe pa renki ya mataxi, mlandu wake woti ndaulula za m’nyumba.

Ndinakhala pansi, n’kunena kuti sindituluka.

Mlonda atakawauza, abale inu, kumwetulira konse kunathera pomwepo. Mwamuna wanga anayamba kugwedeza geti, kulimenya mateche, akukuwa dzina langa kuti msewu wonse umve, akuti ndikapanda kutuluka alowa yekha ndipo ku Malawi ndipita ndili m’bokosi. Kenaka anayamba kukwera mpanda. Amayi anzanga ananyamula ana kuthawira ku bafa, wina anagwa pakhonde akulira, aliyense akuganiza kuti ndi mwamuna wake wamupeza. Ine ndinalowa pansi pa tebulo, alangizi atagwada pambali panga foni ili kukhutu, akundiuza kuti ndizipuma pang’onopang’ono. Kupuma kwake kuti, munthu ukumva waya wa pampanda ukulira?

Apolisi anamupeza buluku litakodwa pa waya, mwendo umodzi uli kale mkati. M’sokosi anamupeza ndi mpeni. Amalume akuti anangokhala pansi pamsewu atagwira mutu, akubwerezabwereza kuti iwo sankadziwa, mnyamatayo anawalonjeza kuti wasintha.

Madzulo asanakwane anandisamutsira kwina. Chimene chimandiwawa mpaka lero n’chakuti potuluka, mayi wina amene tinkagona chipinda chimodzi sanandiyang’ane n’komwe, mwana wake anali akunjenjemerabe kumsana. Malo amene iye ankagona mwamtendere ndinawaulula ndine.

Amalume sindiwada, ndikukhulupirira kuti ankafunadi zabwino, koma munthu wofuna zabwino akhoza kukubweretsera imfa pa geti atavala jekete. Ndiye asisi, ngati muli kobisala ndipo akuuzani kuti musauze munthu, amalume anunso ndi munthu. Apatseni moni, auzeni kuti muli moyo, koma malo okhawo ayi.