Madzi a Duwa Atasanduka Achikasu

Nélia anali pamphasa akusankha nyemba pamene njinga yamoto inaima kumpanda. Wotsikapo anali Marlene, mnzake amene analemba naye ezame yolowera sukulu ya zamankhwala ku Tete. Mpando anaukana.

"Ine anditenga," anatero motsitsa mawu. "Iwe phunziro la kimika lakugwetsanso, mnzanga."

Kameneka kanali kachiwiri. Nélia anapitiriza kutola timiyala m'nyembamo ngakhale maso anali atadzaza misozi. Bambo ake, a Lázaro, amene anamulera okha ku Ntengo-Wambalame chimwalirireni mayi ake, anamva zonse ali pakhonde.

"Basi mwanawe, zakwana," anatero. "Mutu wako si wa mabuku. Munda wa mbatatesi sufunsa ezame."

Sanali munthu wouma mtima ayi. Tsiku lomwelo anamuwotchera mbatatesi ziwiri, n'kumusiyira pamtondo. Koma mawu aja anali atalowa kale.

Kuseri kwa nyumba yawo kunkamera maluwa ofiira amene malemu mayi ake anadzala, aja okwinyika ngati tsumba la tambala, amene m'Chipwitikizi amati crista de galo. Anthu a m'mudzimo ankawawiritsa n'kumwa madzi ake, ati amawonjezera magazi poti ndi ofiira.

Tsiku lina Nélia akuphika thelere, chidulo chinadonthera m'kapu ya madzi a duwa imene anakonzera bambo ake. Madzi ofiira aja anayamba kusanduka achikasu iye akuona. Lamulungu potuluka m'tchalitchi anakafotokozera a Natália, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankakonda kumusungira malo pabenchi.

"Kaya ndawalodza madziwo, purofesora, sindikudziwa."

A Natália anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Mfiti yake iweyo? Imeneyo ndiye kimika ukuithawayo. Madzi a phulusa ndi amene m'buku amati baze. Pita ukafinyire ndimu m'kapu ina ya madzi a duwawo, udzandiuze zimene uone."

Ndimu silinasinthe kufiira kuja. Nélia anakhala pafupi ndi mafuwa, akuyang'ana makapu awiriwo. Zinthu zimene ankangoloweza m'Chipwitikizi osazimvetsa zinali pamaso pake, m'khitchini ya mayi ake.

Kuyambira pamenepo, akaweruka kumunda ankasamba m'manja n'kupita kwa a Natália. Ankapemphera mwachidule, n'kutsegula buku. Pachitsime anthu anayamba kumutcha dotolo wa maluwa. Bambo akenso ankaponyapo mawu: "Dotolo, ndiwo zikupserera uko." Iye ankangomwetulira.

Ulendo wachitatu anakhoza. A Lázaro anamuperekeza kokwerera shapa, minibasi yopita ku Tete, atasenza thumba la nyemba.

Kusukulu kuja Nélia analifufuza duwa lake. Anaphunzira kuti kufiira kwake kumachokera ku utoto wotchedwa betalaina, ndipo mulinso zina zotchedwa flavonoide ndi saponina. Anamva kuti m'maiko ena anthu akhala akuligwiritsa ntchito kuyambira kale pa vuto la kutsegula m'mimba ndi kutaya magazi, ndiponso kuti akatswiri akadayesabe mphamvu zake. Koma chimodzi chinamveka bwino: kufiira kwa duwa si magazi.

Atamaliza anapeza ntchito yopereka mankhwala kuchipatala cha ku Tsangano. Popita kukaona kwawo anapeza bambo ake atatha thupi, zikhatho zitayera, akupumira m'mwamba pongonyamula khasu. Pakhonde panali kapu ya madzi ofiira.

"Duwa la mayi ako likundisunga," anatero a Lázaro.

Nélia sanawaseke. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. "Ababa, duwali ndalidziwa bwino tsopano. Masamba ake ndikuphikirani, ndi ndiwo zabwino. Koma magazi amene akuthawa m'thupi mwanu silingawabweze. Tiyeni akakuyezeni."

"Ndikapite kuchipatala ngati ndikufa?"

"Mupite musanayambe kufa, ababa."

Anakana tsiku limenelo. Anakananso sabata yotsatira. Nélia sanasiye kubwera, mpaka m'mawa wina anawapeza atavala kale jekete la kutchalitchi. Kuchipatala anapeza kuti njoka za m'mimba ndizo zinkawatha magazi. Analandira mankhwala, ndipo mvula yoyamba inawapeza ali kumunda.

Inu amene mwagwa ezame, kapena mwauzidwa ndi munthu amene mumamukonda kuti simungathe, musafulumire kutseka buku. Nthawi zina si mutu umene wavuta; mwina simunakumane ndi munthu woti akuonetseni chinthucho pafupi. Funsani, pempherani, kalembeninso. Mtima usagwe.

Tsiku lokatenga mapiritsi otsiriza, a Lázaro anaima pamzere ngati wina aliyense. Atafika pawindo, mwana wawo anawapatsira kapepala ka mankhwala ndi manja awiri. Iwo sanachoke. Anavula chipewa, ndipo amayi amene anali pambuyo pawo anasiya kucheza.

"Anthu inu, uyu ndi mwana wanga," anatero. "Ine ndinamuletsa sukulu. Akanandimvera, bwenzi lero mutandiika m'manda. Nélia, mwana wanga, ndinakulakwira. Undikhululukire."