Chibowo Chimene a Redieta Anachepetsa

Anthu ankawatcha a Redieta, chifukwa kwa zaka makumi atatu galimoto iliyonse yowira inkathera pagalaja pawo. Imvi zitayamba, anapanga ndege yokwera munthu mmodzi kuseri kwa galajayo, ya mapaipi ndi malata opepuka, injini yake yochotsa m'galimoto yakale. Woiyendetsa anali mlamu wawo, amene kale ankayendetsa ndege zopopera mankhwala m'minda.

Awiriwa anasiyana maganizo pa chibowo cha kumphuno kwa ndegeyo, cholowera mphepo yoziziritsa injini. Chikakula, injini imazizira koma mphepo imaibweza ndege m'mbuyo. Chikachepa, ndege imathamanga koma injini imatentha.

"Chisiyeni chachikulu, alamu," anatero woyendetsayo. "Sitili pa mpikisano."

"Ndege yoyasamula ngati ng'ona? Atiseka anthu," anayankha a Redieta, kenako n'kuvomera pakamwa pokha.

Lachisanu masana, mlamuyo atapita kukatenga mafuta, iwo anakhomerera kachidutswa ka lata m'kati mwa chibowocho n'kukapaka utoto.

Loweruka m'mawa ndege inanyamuka bwinobwino pakabwalo kafumbi, amakanika anzawo akuimba malikhweru. Itazungulira kawiri, injini inayamba kutsokomola. Kenako zii. Mlamuyo anaitsitsira m'munda wongolima kumene, gudumu n'kuthyoka, iye n'kutuluka akutsimphina, magazi ali chuchuchu pachipumi.

"Mdalayu wakalamba, manja ayamba kunjenjemera," ananong'ona makanika wina, akuloza mlamuyo. A Redieta anamva, koma anangoyang'ana nsapato zawo.

Sabata yonse chakudya sichinkatsika. Akazi awo, mlongo wake wa wovulalayo, ankapita kukamutsuka mabala, pobwera n'kumati, "Achimwene akudziimba mlandu. Akuti mwina anaikweza mofulumira."

Tsiku lachisanu ndi chitatu a Redieta anazula kachidutswa kaja n'kupita nako. Anamupeza mlamuyo pakhonde, mwendo uli pampando. Anakaika patebulo.

Mlamuyo anakatembenuza kawiri.

"Ndinakaona ndisanakwere," anatero. "Ndinangoti katswiri wa injini ndinu, mwina mukudziwa zimene ine sindidziwa."

Bwenzi zili bwino akanawatukwana. A Redieta anakhala pansi pasimenti, munthu wamkulu ndithu, chipewa chili m'manja.

Lolemba anaitana amakanika onse aja pagalaja n'kuwauza okha zimene anachita. Palibe anaseka, wina anangokanda m'mutu, ena n'kubwerera ku ntchito zawo. Ndegeyo anaikonza patatha miyezi inayi. Mlamuyo anaiyendetsanso, koma asanakwere ankayamba waizungulira yekha, akugwira paliponse, a Redieta ataima patali.