Mikwamba ya Amalume Sachuo

Amalume anga a Sachuo sanamirepo kukaona ndege ya Ajapani imene yagona pansi pa nyanja kuseri kwa chilumba chathu cha Weno. Anaiona ikugwa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amati zimenezo zinawakwanira. Komabe kwa zaka makumi awiri palibe mlendo anamangirira botolo la mpweya kumsana asanawerenge zimene iwo alemba pa bolodi la padoko.

M'mawa uliwonse ndinkawatengera pamwamba pa ndegeyo pa boti. Ankatsitsa mbale yoyera yomangidwa kuchingwe mpaka itasowa m'maso, kenako n'kukoka chingwecho akuchiyeza ndi mikono yawo yaitali ngati nkhafi. Mikwamba khumi ndi iwiri ndiye kuti madzi ndi oyera, mirani. Mikwamba inayi, khalani kumtunda muzimwa khofi. Mwini hotela wina anawapempha kuti aziwonjezerako pang'ono. Anamuuza kuti akawonjezere yekha msuzi m'mbale za alendo ake.

Kenako madzi anayamba kuda. Pa bolodi pankalembedwa sikisi, faifi, folo. Amalume ankadzudzula mvula, nkhumba za anthu ndi boma. Ife tonse tinkaona ng'ala imene inkayera m'maso mwawo, koma ndani akanayamba? Munthu amene sananamepo sumuuza kuti akunama. Eni maboti anangosiya kuwerenga bolodi, ndipo ankadutsa chozemba ngati akulambalala manda. Zinkandiwawa, koma nanenso ndinali wamantha.

Tsiku lina nyanja inali bata, yoyera mbee. Amalume anaimitsa chingwe pa mikwamba itatu. Panthawiyo boti la a Tosiwo, mmodzi mwa eni maboti aja, linatidutsa litadzaza alendo, osafunsa kanthu. Amalume analimvetsera mpaka linazima injini.

"Iwe Merihne," anandiitana, "mbale ija ukuiona?"

"Ndikuiona, amalume."

"Nanga ndege?"

"Yonse. Mapiko, mpando wa woyendetsa, ndi tinsomba tikulowa pawindo."

"Zayamba liti zimenezi?"

"Chaka chija cha namondwe."

Chingwe chinkadontha pamaondo pawo.

"Ndiye zaka ziwiri ndakhala ndikunamizira madzi osalakwa, inu mukungondiyang'ana ngati kanema?"

Ndinasowa poyang'ana. Ndinaganiza kuti basi, ulendo wawo womaliza ndi umenewu, ndipo misozi inalengeza.

"Usandilirire, sindinafe. Tsitsa mbaleyo."

Ndinatsitsa mpaka inasowa. Nditayamba kukoka kuti ndiyeze, anandilanda chingwe.

"Iwe ntchito yako ndi kuona. Kuyeza siya. Ndi timikono takoto, mawa tidzamva kuti madzi ayera mpaka ku Japan."

Anayeza okha, pang'onopang'ono, akuwerenga mokweza. Inakwana mikwamba khumi ndi inayi. Titafika padoko analemba nambalayo m'zilembo zikuluzikulu, ndipo pansi pake anawonjezera kuti: "Madzi sanade. Ndinali ine."